Ndani Anabwezera Teleneti?

Magdalene Sampa sankatha kutembenuza khosi, ndiye Sajeni Kafula Luse anakokera mpando kumiyendo kwa bedi kuti aziyang'anana. Dzanja lamanzere la mayiyo linali mu pulasitala. Diso limodzi linali lotupa moti silinkatseguka.

"Nindani anali kuziba kuti muli ku Mtendere?" anafunsa Kafula.

"Kulibe."

"Amai anu?"

"Amai sembe ananibweza kwa Lazarous tsiku lomwelo. Ku chechi naonso sininakambe. Ninauza chabe mung'ono wanga Taonga. Ali ku Gaborone."

"Pa foni?"

"Pa kompyuta. Kwa ba Katongo, ku Matero, pafupi na msika. Nili na bokosi yanga ya makalata pamene paja. Tsiku yamene ninathaba ninapitilako, ninalemba, ninakwela basi."

Anasiya kaye kulankhula, namwino atadutsa ndi beseni. Kenako anatsitsa mawu.

"Ba Sajeni, pamene anathyola chitseko, anakamba mau anga. Ati, 'Geti yobilibila kumbuyo kwa telala, ai? Uganiza siningaipeze?' Ni mwamene ninalembela Taonga. Mau na mau. Koma Lazarous saziba na kuyatsa kompyuta."

Kafula anali atamusaka kale Lazarous, mwamuna wa Magdalene, kunyumba kwake, kugalaja komwe ankakonza mabasi, ndiponso kwa abale ake ku Chawama. Munthuyo anali atazimiririka. Koma wina anamuwerengera uthenga uja, ndipo winayo sanathawe.

* * *

Chaka chimenecho, 2002, malo obwereka makompyuta ankatumphuka mu Lusaka pakhonde lililonse lomwe linali ndi magetsi. A Obed Katongo anali ndi awiri: aakulu ku Matero, aang'ono ku George. Aku Matero anali chipinda chachitali chokhala ndi makompyuta m'mbali zonse, ndipo kumapeto kwake kunali kaofesi kotchinga ndi galasi. M'kaofesimo munali makina aakulu osunga mabokosi a makasitomala onse. Ankawatchula kuti seva.

A Katongo anali munthu wa thupi, wovala tayi ngakhale kukutentha, mkulu wa mpingo. Anamulandira Kafula ndi manja awiri.

"Mwana Magdalene! Mtima wanga wasweka, ba Sajeni. Tinamupemphelela mamawa. Koma pano chinsinsi cha kasitomala ni chopatulika. Tiwo, uzako ba Sajeni."

Tiwo Chileshe anali mayi wochepa thupi, wa magalasi, yemwe ankayang'anira sevayo. Sanadzuke pampando.

"Kulibe angabelenge bokosi ya munthu," anatero mofulumira. "Pokhapo ngati ali na pasiwedi ikulu, ndipo afunika ankhale pano, pa mpando uyu. Ine nichoka pano pokhapo tikavala."

"Sangaloweko ali kutali?"

"Kudala inali kuchitika. Manje iyai. Ninavala khomo ija neka."

"Onani ngati ikali yovala."

Tiwo anapumira m'mwamba ngati munthu amene wauzidwa kuti awerengenso zala zake. Analemba mawu angapo. Mizere inatsika pa sikirini. Anavula magalasi, kuwapukuta ndi bulauzi, n'kuwavalanso.

"Iyi siyenela kunkhalapo."

"Nichani?"

"Teleneti. Ili moyo. Imvelela."

Kafula anamuuza kuti afotokoze ngati akufotokozera wogulitsa tomato. Tiwo anati teleneti ndi kapulogalamu kakalekale kolola munthu amene ali kutali kulowa mu seva kudzera pa waya wa foni, n'kumalamula ngati wakhala pampando womwewo. Vuto lake, anatero, n'loti chilichonse chimene munthu walemba chimayenda pawaya chili maliseche, pasiwedi yomwe. Makina akale ankabwera nayo teleneti m'maziko mwake, ukangoyatsa ilipo kale, kaya ukuifuna kaya ayi. Iye pokonzanso seva dzinja lapitalo anaichotsa m'mazikomo. Inatsala pa disiki yachiwiri ngati kaphukusi kapadera, koti woifuna achite kukaikamo dala.

"Ndiye siingabwele yeka?"

"Siingabwele yeka. Munthu anatenga disiki, anaika."

Tiwo asanamalize, a Katongo anali atagwira kale kumutu.

"Wilbroad," anatero. "Ambuye akhululuke, ni Wilbroad. Ndiye anali kumenyela nkhondo chinthu ichi. Funsani aliyense muno, anamva phokoso. Lelo lomwe nimuchotsa nchito."

Kafula anawayang'ana. Dzinalo linatuluka msanga kwambiri, ngati linali litakhala kale kunsonga kwa lilime.

Tiwo anali atayamba kulemba kuti aiphe teleneti ija. Kafula anamugwira dzanja.

"Musagwile. Isiyeni mwamene ilili."

* * *

Wilbroad ankagwira ntchito ya makina kwa a Katongo masiku atatu okha pa sabata, ndipo tsikulo anali kwawo ku Chunga. Kafula anamupeza pakhonde akuwotcherera waya wa wailesi ya mnansi. Anali bambo wa imvi, mwana wa anthu ochokera ku Malawi amene anabwera kudzagwira ntchito panjanji, ndipo Chichewa chake chinali cha kwawo, chosathamanga. Anagwirapo ntchito ya makompyuta pa kampani ina ya boma mpaka pamene inagulitsidwa, iye n'kupatsidwa kalata.

Anamvetsera nkhani yonse osasiya ntchito yake. Atamva za Magdalene anaika chowotcherera pansi.

"Inde, ndinakangana naye Tiwo," anatero. "Ndipo mpaka lero ndikunena kuti ndinkanena zoona, ngakhale naye sankanama. Iye ankati chinthu chowola chisamakhale m'nyumba, woti akuchifuna akachitenge yekha kunja. Ine ndinkati makompyuta athu a ku George ndi nkhalamba, sadziwa njira yatsopano yobisa mawu ija, amadziwa teleneti basi. Mukaichotsa m'maziko, kufunika kwake simunakuchotse. Tsiku lina munthu wotopa adzaibwezera mwakachetechete, ndipo palibe adzaiyang'anire, chifukwa aliyense akudziwa kuti kulibe."

"Ndipo munthu wotopayo ndimwe."

Wilbroad anaseka pang'ono, kuseka kosakondwa.

"Tiwo wakuuzani kuti yabwerera ili ndi loko kapena ayi?"

"Loko ya bwanji?"

"Nthawi yonse imene inali m'manja mwanga, ndinkaiuza kuti izitsegulira kompyuta imodzi yokha ya ku George, ndiponso kuti wolowera kutali asamakwere kufika pa pasiwedi yaikulu. Zimenezo munthu amachita kulemba pamanja. Kaphukusi ka pa disiki kamabwera kopanda zimenezo. Kamufunseni. Ngati ili ndi loko, bwerani ndi unyolo, mundipeza pompano."

Kafula anaimba foni ali pomwepo. Tiwo anayankha kuti loko panalibe. Khomo linali pululu.

"Mwina munasiya dala," anatero Kafula, "kuti tiganize kuti ni munthu wosaziba."

"Mwina. Ntchito yanu ndi kukayikira." Anatolanso chowotcherera chija. "Koma mufunsenso kuti mkangano wathu unatha bwanji. Ine ndinati kubwezera chinthu chochotsedwa ndi chintchito. Tiwo, pofuna kundigonjetsa, anatenga disiki yachiwiri, n'kuiika, n'kulemba mzere umodzi wokha. Teleneti inadzuka. Anaichotsanso pomwepo, nati, 'Mwaona? Na mwana angachite.' Anapambana."

"Munalipo angati?"

"Ine, iye, ndi mwini wake wa malo. Anaima kumbuyo kwathu, manja kumsana, kuti atiweruze."

"Pasiwedi ikulu ali nayo ndani?"

"Atatu omwewo."

* * *

Kafula anabwerera ku Matero koma sanalowe. Anakhala pabenchi ya mayi wogulitsa zitumbuwa pakhomo pa malowo, nagula ziwiri. Mayiyo sanafunike kukokedwa lilime.

"Ba Wilbroad? Awe, aja ni ba tate ba ulemu. Ba Tiwo ni ba nkhanza pang'ono, sibaseka, koma sibanama. Wamene ninasoba ine ni Victor."

"Victor ni ndani?"

"Wa ku shopu ya ku George. Mulamu wao ba Katongo. Kuchokela paja banasintha vinthu mukati umu, enze kubwela daily na basi, atukwana njila yonse. Ati, 'Kuti nilembe chabe kasitomala watsopano nifunika kubwela kuno, kansi makompyuta ni ya chani?' Agula vitumbuwa vanga, adya na ukali. Manje anangoleka. Ninaganiza kuti mwina adwala."

"Analeka liti?"

"Mvula ikalibe kusila."

Magdalene anathawa kwa mwamuna wake mvula itangotha. Choncho khomo linatsegulidwa iye asanalembe uthenga uja. Kafula anapukuta mafuta m'zala, nakwera basi ya ku George.

Shopu ya ku George inali kachipinda kopanikizika pakati pa bucha ndi malo ometera. Munali makompyuta akale a zilembo zobiriwira, otentha ngati mbaula. Victor Nkole, mwamuna wa ndevu zometa bwino ndi unyolo wonyezimira m'khosi, anayamba kutuluka thukuta asanafunsidwe kanthu.

"Ine siniziba vilivonse, bosi. Nili chabe pano."

"Munaleka kuyenda ku Matero. Chifukwa?"

"Inayamba kusebenza."

"Yeka?"

"Tsiku ina nayesa, yalowa. Ninati mwina ba Tiwo bamvela chifundo. Sininafunse. Ukafunsa maningi bazavalanso."

"Lazarous Sampa mumuziba?"

"Wa ma basi? Nimuona chabe. Sitimwela pamodzi, sitili mu chechi imodzi. Ine na chechi, bosi..." Anagwedeza mutu.

"Munabelengapo bokosi ya munthu?"

"Na chani? Pasiwedi yanga ni ing'ono. Ilemba kasitomala watsopano, yasila. Yesani mweka."

Kafula anamuuza kuti alowe. Victor analowa, nayesa kutsegula bokosi la Magdalene, makina n'kukana. Sankanama pa chimenecho.

"Makiyi ya shopu ali na ndani?"

"Ine. Na ba mulamu."

"Babwela kuno?"

Victor anayang'ana kukhomo, ngati kuti mlamu wakeyo angatulukire.

"Pa Sondo, bakachoka ku chechi. Bakamba ati bafuna kuona mwamene shopu iyendela. Banipatsa mpata niyende kuonelela bola. Ine nikondwela, bosi, ningakane bola?"

"Babwela beka?"

"Ine nimachoka bakalibe kunkhala na pansi."

Wometa wa khomo loyandikana anali ndi maso akuthwa kuposa Victor. Anati Lamlungu lina anaona a Katongo akutsegulira munthu wina chitseko chakumbuyo. Nkhope sanaione. Anaona ovolosi ya buluu ndi nsapato zakuda ndi mafuta a galimoto.

* * *

Ovolosi si umboni. Theka la amuna a ku George linkavala ovolosi. Ndipo Tiwo anali atanena kale kuti seva yawo, pochepa malo, sinkasunga mapazi a olowa kupitirira masiku ochepa. Kafula anadziwa kuti akawafunsa a Katongo maso ndi maso adzangomupempherera. Komanso mumtima mwake Tiwo anali asanayere: ndi iye ankadziwa bwino mzere uja, ndi iye ankakhala ndi seva tsiku lonse, ndipo kudabwa munthu amatha kuyeserera.

Loweruka anapitanso ku Matero, nalankhula mokweza m'kaofesi ka galasi, Tiwo ndi a Katongo onse alipo.

"Katswili wathu azabwela sabata ya mawa. Mpaka abwele, kulibe kugwila makina aya. Ba Tiwo, mwamvela?"

"Khomo inkhale chabe yosegula?" Tiwo anakwiya zenizeni. "Muziba vamene mukamba?"

"Ni lamulo."

"Nanga mwana wathu ali bwanji?" anafunsa a Katongo mofatsa.

"Bamutulutsa mu chipatala. Mung'ono wake wamupezela malo. Na ine sananiuze ni kuti, ati sakhulupilila munthu. Bazalembelana beka."

A Katongo anagwedeza mutu mwachisoni, nati dziko laipa.

Zoona zake zinali zoti Magdalene anali atasamutsidwira m'chipinda china cha chipatala chomwecho, wapolisi atakhala pakhomo. Madzulo a tsikulo Kafula anapita ku Chunga. Anamupempha Wilbroad kuti Lamlungu akakhale pambali pa Tiwo, aziyang'ana sikirini limodzi. Sanamuuze kuti cholinga china chinali choti aziyang'anana okhaokha.

Lamlungu masana dzuwa linali lowawa. Kafula anakhala m'malo ometera muja atafunda chitenje kumutu ngati mayi wodikira mwana, apolisi awiri ovala wamba ali pa bucha. Anaona Victor akutuluka akuimba mluzu, kulunjika kubwalo la mpira. Anaona a Katongo, atavala suti ya kutchalitchi, Baibulo kukhwapa, akulowa n'kukoka chitseko. Kenako panalibe chinachitika kwa nthawi yaitali, moti anayamba kuganiza kuti walakwitsa munthu.

Foni inanjenjemera m'dzanja lake. Anali Tiwo.

"Munthu walowa. Achokela ku George."

"Pasiwedi iti?"

"Ayamba na ya Victor... iyai, dikilani. Akwela. Alemba ikulu." Kunamveka mawu a Wilbroad chapatali, kenako Tiwo anabwereranso. "Ba Sajeni, asegula bokosi ya Magdalene. Tiona vonse vamene alemba, chilembo na chilembo. Alakwitsa na sipelo, abwelela."

"Ba Wilbroad bali pafupi na imwe?"

"Bali pano. Manja yao yali pa mutu."

Kafula anadzuka, nakodola anzake aja. Mmodzi anazungulira kumbuyo. Chitseko chakutsogolo chinali chokhoma, koma chinali cha matabwa otopa, ndipo chinagonja pa phewa loyamba.

A Katongo anali pa kompyuta, magalasi ali pamphuno, chala chimodzi chili m'mwamba kusaka chilembo. Kumbuyo kwawo, ataweramira pa phewa lawo, kunali mwamuna wamtali wa ovolosi ya buluu. Anali Lazarous, ndipo anathamangira kuchitseko chakumbuyo n'kugwera m'manja mwa wapolisi amene ankamudikira. Anamenya chigongono kamodzi, kenako anagwetsedwa pansi pakati pa mawaya.

A Katongo sanathawe. Anavula magalasi, nawapinda bwinobwino.

"Ba Sajeni, musaganize voipa. Ine ndine nkhoswe wa ukwati uyu. Ninaimilila pa guwa. Mukazi akathaba pa nyumba, nchito yanga ni kumubweza kuti tikambilane. Uyu ananilonjeza kuti sazamugwila."

"Munamuona mu chipatala?"

"Ninamva kuti..."

"Munamva. Ndipo lelo mwabwela kumufunila adilesi ina."

"Kuti akapepese! Lazarous, kamba, sunanene kuti ufuna kupepesa?"

Lazarous, tsaya lili pa simenti, anali akumangidwa unyolo.

"Teleneti munaibwezela chifukwa cha Magdalene?" anafunsa Kafula.

"Iyai, iyai. Victor ndiye ananilemesa na madandaulo, mukazi wanga naye tsiku na tsiku. Ninaona mwamene Tiwo anachitila, ninalowa mamawa akalibe kubwela. Sininafune phokoso inanso pakati pa aja babili. Vinangochitika kuti pambuyo pake Lazarous anabwela kulila kwa ine, ndipo njila inalipo kale." Anatambasula manja. "Njila inalipo chabe."

"Na Wilbroad? Munali okonzeka kuti amangidwe."

Apo a Katongo anayang'ana pansi. Kafula anawauza kuti aimirire, natenga Baibulo lawo n'kuliika pa tebulo kuti manja apite kumbuyo. Kunja anthu anali atadzaza kale, wometa ali patsogolo, lumo lili m'manja.

Anaimbira Tiwo kuti tsopano atha kutseka. Pa foni ankamva awiriwo atayambanso: Wilbroad akuti aikepo loko n'kuisiya, apo ayi Victor adzavutikanso ndipo wina adzaibwezeranso, Tiwo akuti aichotse ndipo disiki yachiwiri aitenthe, makompyuta a ku George agulidwe ena. Kafula anadula foni asanamve wopambana.

* * *

Magdalene anali atakhala tsonga pabedi, akuyesa kumwa tiyi ndi dzanja limodzi. Kafula anamuuza kuti Lazarous ali m'chitokosi ndipo sapatsidwa belo msanga. Mayiyo anatseka diso lake labwino lija, napuma mpweya wautali.

"Nanga anamubelengela nindani?"

Kafula anamuuza.

Magdalene anaika kapu pansi pang'onopang'ono. Sanalire.

"Ine kompyuta nenze kuiyopa," anatero. "Tsiku ina ninayenda kwa beve na mulomo wotupa, kubauza kuti nalema. Bananinkhazika mu ofesi, bananipatsa fanta. Ndiye bananisegulila bokosi ija beka, mahala. Ati, 'Mwana wanga, vinthu osasunga mu mtima. Uzilembela mung'ono wako vonse. Pano kulibe azaona.'"